Kuona maso a nkhono n'kudekha: tisanyoze dambo

Aphunzitsi athu a zachilengedwe atalengeza kuti kalasi yathu ipita ku Mulanje, tonse tinaomba m'manja. M'maganizo mwathu munali phiri basi. Ena anayambiratu kusankha zovala zokajambulitsira pa Dziwe la Nkhalamba, ena ankafunsana ngati tingakafike kufupi ndi Sapitwa. Ndiye Lamulungu lija, kumayambiriro kwa Meyi, minibasi itapatuka pamsewu wa tala tisanafike n'komwe pa boma, n'kukaima m'mphepete mwa dambo lina m'chigwa cha mtsinje wa Thuchila, m'galimoto munangoti zii. Phiri linkaonekera chapatali, mutu wake uli m'mitambo. Patsogolo pathu panali bango, matope ndi madimba a mpiru. Mnzathu wina ananena zimene ambirife tinkaganiza: "Ndalama zathu zija tinasonkhera kudzaona chithaphwi?"

Aphunzitsi sanalimbane naye. Anatigawa anayianayi, anatipatsa magambuti, makope ndi mapensulo, n'kutiuza kuti gulu lililonse lipeze malo, likhale pansi kwa theka la ola osayankhula, mafoni ali m'thumba. Anati tilembe chamoyo chilichonse chimene tione kapena kumva, ndipo ngati dzina lake sitikulidziwa tichijambule ndi pensulo.

Mphindi khumi zoyambirira sitinaone kanthu koma udzu. Kenako akakowa amene anathawa pofika ife anabwerera n'kutera pafupi ndi ng'ombe zimene zinkadya tsidya lina. Nantchengwa anatera m'mbali mwa madzi n'kuyamba kupalasa matope ndi phazi limodzi kuti tiachule ndi tizilombo titulukemo. Titamutsatira ndi maso pouluka tinaona chisa chake pamphanda ya mkuyu, chachikulu ngati kankhokwe. Mbalame ina ya mawanga akuda ndi oyera inaima m'malere pamalo amodzi ikukupiza mapiko, kenako inagwera m'madzi ngati mwala n'kuvuuka ndi kansomba kukamwa. Atombolombo ofiira ndi obiriwira ankapitikitsana pamwamba pa bango, pomwe panalendewera zisa zakale za mpheta. Chimene tonse tinkachiyesa chikuni chinasuntha mutu: inali ng'azi ikuothera dzuwa.

Pamwala wina anzathu anapeza ndowe zodzaza ndi tizidutswa ta zigoba za nkhanu. Aphunzitsi anati ameneyo ndi katumbu, amene amasaka usiku. "Mwiniwakeyo simumuona lero," anatero, "koma wakusiyirani kalata yoti adakalipo." Pambuyo pake tinatenga sefa ya ufa ndi beseni loyera n'kutunga pansi pa udzu wa m'madzi. M'beseni limodzi lokha munali ambululu, timatemba, kamlamba kakang'ono ngati chala, nkhono za mitundu ingapo ndi ana a atombolombo, amene ambirife sitinkadziwa kuti amakulira m'madzi asanamere mapiko.

Ife tabwerako ndi ganizo limodzi, ndipo ndi limene tikufuna kuika pamaso pa ophunzira anzathu, akuluakulu a sukulu ndi abale a mumpingo. Ulendo wotere usamakhale mwayi wa kalasi imodzi kamodzi pa zaka zingapo, ndiponso usamakhale pikiniki. Ukhale ntchito yobwerezedwa pamalo omwewo, nyengo ndi nyengo, yolembedwa m'buku. Madambo aang'ono a m'midzi alibe mpanda, alibe mlonda, alibe ngakhale chikwangwani. Akuchepa tikuona, ndipo chinthu chimene palibe anachiwerenga chimatha popanda wochilira.

Phiri timaliona, dambo timalipondaponda

Tikamva mawu akuti nyama zakutchire timaganiza za njovu za ku Liwonde kapena mikango ya ku Majete. Tikamva za chilengedwe cha ku Mulanje timakweza maso kuphiri, ndipo m'pomveka. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno palibe nsonga ina yomuposa. Nkhalango ya m'phirimo inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927. Muli zamoyo zosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, monga katombolombo kofiira kotchedwa Oreocnemis phoenix, kamene kamakhala m'timitsinje ta pamwamba pa phiri. Mulinso nanzikambe wina amene akatswiri anamutcha Nadzikambia mlanjensis, dzina lochokera ku mawu athu omwe a Chichewa.

Koma madzi a m'phirimo sathera m'phiri. Likhubula, Lichenya, Muloza ndi Thuchila amatsika n'kukathira mu Ruo, ndipo Ruo amakakumana ndi Shire ku Chiromo, kumunsi kwa dambo lalikulu la Elephant Marsh. Chakumpoto, mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imapita ku nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda potulukira madzi, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kutsalanso pang'ono kuphweratu mu 2018. Chilwa ndi Elephant Marsh ndiwo malo awiri a m'Malawi amene ali pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, pansi pa mgwirizano umene maiko anasainirana mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971. Pakati pa phiri lotchukalo ndi madambo awiri otchukawo pali timadambo tambirimbiri topanda dzina pamapu, ndipo timeneti ndi timene timalumikiza zonsezi.

Dambo limagwira ntchito ngati chinkhupule. Mvula ikagwa yambiri, bango, mlulu ndi dothi lakuda lija zimachepetsa liwiro la madzi n'kuwasunga. Matope ochokera m'minda amatsalira momwemo m'malo mokakwirira mtsinje. Chilimwe chikafika, madzi aja amatuluka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake chitsime cha m'mbali mwa dambo chimakhala ndi madzi mu Okutobala pamene zitsime za kumtunda zaphwa. Dambo likaphwetsedwa ndi ngalande, mvula yomweyo imathamanga tsiku limodzi n'kusiya chigwembe, ndipo mtsinje umene unkayenda chaka chonse umasanduka wa mchenga wokhawokha.

Pano tisakokomeze. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Akuluakulu amakumbukiranso Napolo wa mu Marichi 1991 ku Phalombe, pamene deralo linali likadali mbali ya boma la Mulanje. Matope ndi miyala zotsika m'phiri ndi mphamvu yotero palibe dambo limene lingaziimitse, ndipo wonena zimenezo akunamiza anthu amene anaika abale awo m'manda. Ntchito ya dambo imaoneka pa mvula ya chaka ndi chaka: madzi osefukira amene akanalowa m'mudzi amapeza poyala, ndipo chilimwe chimapeza madzi osungidwa. Lipoti la mgwirizano wa Ramsar la mu 2018 linati pakati pa 1970 ndi 2015 dziko lapansi linataya pafupifupi magawo 35 pa 100 alionse a madambo ake. Nambala imeneyi imamveka ya kutali, koma imapangidwa ndi timadambo ngati kathu ka ku Thuchila, kamodzikamodzi.

Funso la agogo

Tikutsuka mabeseni, agogo ena amene ankathirira mpiru chapafupi anaika kheni pansi n'kubwera kudzaona zimene tinkachita. Titawapatsa moni tinawaonetsa zojambula zathu. Mbalame iliyonse anaitchula dzina asanamalize n'kuyang'ana komwe, ena mwa mayinawo m'Chilomwe, ndipo anatiseka kuti ana a sukulu yaikulu sadziwa kusiyanitsa kulira kwa chule ndi kwa nkhululu. Tinawafunsa kuti, "Agogo, kodi dambo lino linali chonchi kuyambira kale?"

"Ayi, adzukulu anga," anayankha. "Madzi ankafika paja mwaimika galimoto yanupo. Matemba tinkachita kuvuula ndi dengu. Bango la mphasa tinkadula pompano, lero timakagula." Kenako anatiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Tsono mwabwera kuti mudzatiletse kulima? Nanga ana amasiye ndikusungawa mudzawadyetsa ndinu?"

Palibe mwa ife amene anayankha msanga, ndipo funsoli tiyenera kulilemekeza. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje. Malo ambiri achonde ali pansi pa tiyi wa m'maesiteti, ena ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo banja wamba limatsala ndi kamunda koti chimanga chake sichifika Disembala. Dimba ndilo limapereka ndiwo, chimanga chachiwisi, ndalama ya sopo ndi ya fizi. Ambirife tili pakoleji pano chifukwa cha tomato ndi kabichi wa kudimba kwa makolo athu. Wophunzira amene wadya nsima ya kudimba sangaimirire n'kumanena kuti anthu achoke m'madambo.

Koma agogo omwewo ndiwo anatipatsa yankho. Anatilozera kumtunda, kumene munthu wina anadzala bulugama pa kasupe penipeni, mtengo womwa madzi ambiri chaka chonse. Anatilozera maenje a njerwa amene adya mbali imodzi ya dambo, ndi njira ya malole odzatenga mchenga. Anadandaula za anyamata amene amakokolola nsomba ndi neti yogonamo, yosasiya ngakhale mazira. Dimba lawo iwo linali ndi mzere wa bango pakati pa mabedi ndi madzi, umene anati anausiya dala kuti nthaka isamagumukire m'madzi. Choncho nkhani si yakuti munthu kapena dambo. Pali kagwiritsidwe ntchito kamene dambo limapirira kwa mibadwo, ndipo pali kamene kamalipha pa zaka zochepa. Dambo likafa, woyamba kulira si nantchengwa, pakuti iye ali ndi mapiko. Woyamba kulira ndi agogo aja, amene kheni yawo idzasowa potunga.

"Ife tikuphunzira zachipatala, za achule zikutikhudza bwanji?"

Funso limeneli tinalimva m'minibasi popita, ndipo tikudziwa kuti ena akulifunsa powerenga pano. Yankho lake tinalipeza m'beseni muja. Aphunzitsi anatola ndi chopanira kankhono kena n'kutiuza kuti tikayang'anitsitse: nsonga yake ikaloza kumwamba, khomo la chigoba limakhala kumanzere. Kameneko ndi ka mtundu wa Bulinus, kamene kamasunga tizilombo ta likodzo la m'chikhodzodzo. Kena kophwatalala ngati batani ndi ka mtundu wa Biomphalaria, kamene kamasunga ta likodzo la m'matumbo. Tizilomboti timatuluka m'nkhono n'kulowa pakhungu la munthu amene waponda kapena kusamba m'madzimo. Apa m'pamene tinamvetsa chifukwa chake anatikakamiza kuvala magambuti. Mayina amenewa tinawaloweza kale pokonzekera mayeso, koma ambirife tinali tisanaonepo nkhonozo ndi maso. Chapatali pang'ono ana ankasambira.

Namwino kapena dokotala amene adzapatse mwana mankhwala a praziquantel osadziwa madzi amene mwanayo abwerereko mawa, adzamuonanso chaka chamawa akukodza magazi. Amene waona nkhonoyo pamalo ake amadziwa choti akauze amfumu ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi: chimbudzi chikhale kuti, ana asambe kuti, mjigo ufunika pati.

Za udzudzu nazo tinaphunzira zimene sitinkayembekeza. Mphutsi za udzudzu wa Anopheles, wofalitsa malungo, zimagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi, pamene za udzudzu wamba zimalendewera mutu pansi. Pakati pa dambo, pamene panali timatemba ndi ana a atombolombo amene amadya mphutsizi, tinavutika kuzipeza. M'maenje a njerwa, momwe munali madzi ofunda, owombedwa ndi dzuwa, opanda nsomba, tinazitunga ndi kapu. Sitikunena kuti dambo labwino lilibe udzudzu. Mtundu wa Anopheles funestus umakonda madzi okhalitsa a udzu, ndipo neti yogonamo ndi yofunikabe usiku uliwonse. Tikunena kuti ganizo lakuti kukumba ndi kuphwetsa dambo kumathetsa malungo ndi loperewera, chifukwa nthawi zambiri kumachotsa adani a udzudzu n'kusiya timaenje timene udzudzuwo umatikonda koposa.

Wophunzira zauphunzitsi adzafunika malo oonetsera ana zimene zili m'buku la sayansi, ndipo dambo ndi labotale yosalipira. Wophunzira zaulimi ndi zamalonda adzakumana ndi funso la madzi tsiku loyamba la ntchito. Wophunzira zaubusa adzatumikira mipingo imene mamembala ake ambiri amadya za kudimba. Palibe amene nkhaniyi ikumulambalala.

Mkungudza unapeza owerenga

Chifukwa chachikulu chimene tikulimbikira za kulemba ndi nkhani ya mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa dziko lathu, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse. Kwa zaka zambiri anthu ankadziwa kuti ukudulidwa, koma aliyense ankati phiri ndi lalikulu, ina ilipo kuseri. Mu 2017 anthu anakwera kukawerenga, ndipo anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha. Nambala imeneyo inachititsa manyazi, koma inathandizanso kuti ntchito yofesa ndi kudzala mbande, imene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust likuchita pamodzi ndi Dipatimenti ya Zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, imveke kufunika kwake. Kuwerengako kunabwera mochedwa, komabe kunabwera.

Dambo la agogo aja mbiri yake ili m'mutu mwawo mokha. Iwo akudziwa pamene madzi ankafika, nsomba zimene zinkapezeka ndi mbalame zimene zinasiya kubwera. Akadzatisiya, mwana wobadwa lero adzaona chigwembe n'kumayesa kuti malowo analengedwa choncho. Umu ndi mmene zinthu zimathera mwakachetechete: m'badwo uliwonse umayesa kuti zimene unapeza ndizo zinalipo kuyambira kale. Buku lolembedwa chaka ndi chaka limathetsa bodza limeneli. Likhoza kuikidwa patebulo pamaso pa amfumu, komiti ya chitukuko cha m'dera kapena ofesi ya zachilengedwe ya boma, n'kunena kuti: chaka chakuti madzi ankafika apa, lero akufika apa.

Ntchito yotere si yachilendo. Kuyambira mu 1967 anthu ongodzipereka m'maiko ambiri akhala akuwerenga mbalame za m'madzi chaka chilichonse, ndipo zambiri zimene akatswiri amadziwa za kuchepa kwa mbalamezi zinachokera m'makope a anthu wamba. Ku South Africa kuli njira yotchedwa miniSASS, imene ngakhale ana a pulayimale amayezera thanzi la mtsinje pongoona tizilombo topezeka pansi pa miyala: tina timakhala m'madzi oyera okha, tina timapirira madzi oipa. Zida zake ndi zomwe tinali nazo ife, sefa, beseni ndi maso. Amene ali ndi foni ya intaneti akhoza kuika chithunzi pa iNaturalist kapena mndandanda wa mbalame pa eBird, n'kuthandizidwa mayina ndi anthu odziwa. Kuno kwathu bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri. Chosowa si njira ayi, koma anthu odekha.

Mlamba sitidya, koma si wachabe

Pali chinthu china chimene ife a mpingo uno tiyenera kudzifunsa moona mtima. Kamlamba kaja kataoneka m'beseni, mnzathu wina anati, "Tayani icho, n'chodetsedwa." Tinaseka, koma mawuwo akuulula maganizo amene ambirife tinakula nawo. Poti mlamba, nkhanu, chule ndi ng'azi sitidya, timaziona ngati zopanda ntchito, mwinanso zoyenera kuphedwa tikakumana nazo. Koma Levitiko 11 amanena za chimene chilowe m'mbale mwathu, sanena kuti zolengedwazo zilibe malo padziko. Nkhanu imadya zoola za m'madzi, katumbu amadya nkhanu, chule amadya tizilombo, nantchengwa amadya chule. Mlamba umene ife sitiukhudza ndi ndiwo ya mnansi wathu, ndipo ukasowa m'dambo ndi chizindikiro chakuti madzi amene tonse timamwa ali pamavuto.

Sabata lililonse timapuma pokumbukira Mlengi ndi ntchito ya manja ake. Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda muja, yolima ndi yosamalira. Yoyambayo timaidziwa bwino. Yachiwiriyo timaitchula paguwa, koma ndi angati mwa ife amene angatchule mayina a mbalame khumi za kuseri kwa tchalitchi chawo? Ana athu a Pathfinder amalandira mabaji a maphunziro a mbalame, tizilombo ndi mitengo, ndipo kawirikawiri amawapeza poloweza mayankho papepala, nthawi zina za mbalame za ku America zimene sadzazionapo. Dambo lili pamtunda wa mphindi makumi awiri kuchokera pamene akulowezerapo.

Zimene tikupempha

Choyamba, kwa akuluakulu a sukulu: tisankhe dambo limodzi kapena awiri, tipemphe chilolezo kwa amfumu ndi eni madimba, ndipo kalasi iliyonse ya zachilengedwe ndi ya zaumoyo wa anthu izipitako kawiri pachaka, nthawi ya dzinja ndi ya chilimwe. Malo oimapo akhale omwewo, mafunso akhale omwewo: madzi afika pati, bango latsala lotani, m'beseni mwapezeka chiyani, mbalame zaoneka ziti. Zolembazo zisungidwe mulaibulale, osati m'foni ya munthu amene amaliza maphunziro chaka chamawa.

Tikudziwa yankho limene libwere: mafuta akwera, minibasi ndi yodula, fizi ikuvuta kale. N'zoona, ndipo ifenso tinasonkha movutikira. Koma ulendo wa ku Mulanje watiphunzitsa kuti dambo silifuna tikiti yolowera. Ngati ndalama ya ku Thuchila yasowa chaka china, pali dambo loyenda wapansi kuchokera pasukulu pano, ndipo nalonso likufuna owerenga. Sefa ndi beseni zili kukhitchini. Chodula chenicheni ndi magambuti, ndipo amenewo amagulidwa kamodzi n'kutumikira makalasi ambiri.

Chachiwiri, kwa ophunzira anzathu: tikapita, tipite ngati ophunzira, osati ngati alangizi. Safunsa anadya phula. M'kope mwathu dzina la Chichewa kapena la Chilomwe lilembedwe pambali pa la sayansi, ndipo zimene akuluakulu akukumbukira zilembedwe iwo atavomera. Tikamaliza, tibwererenso kukawauza eni malo zimene tapeza, makamaka za nkhono za likodzo. Kutenga nzeru za anthu n'kukapezera malikisi osabwezako kanthu ndi kuba kwaulemu.

Chachitatu, kwa mipingo: atsogoleri a achinyamata atenge ana Sabata masana kukakhala chete m'mbali mwa dambo, kuona ndi kumvetsera, ndipo ntchito yoyeza ndi kulemba ichitike Lamulungu. Pamene tikumanga matchalitchi ndi nyumba za abusa, tidzifunse kumene njerwa zathu zaumbidwa, kumene mchenga wachokera ndi nkhuni zimene zaotchera uvuni. N'zomvetsa chisoni kuimba za kukongola kwa chilengedwe m'nyumba imene yasiya dzenje la udzudzu pakati pa mudzi. Njerwa za simenti ndi zodinda ndi makina zilipo, ndipo komiti ya zomangamanga ikhoza kuziwerengera mtengo isanagamule.

Chachinayi, kwa ife tonse amene kwathu kuli dimba: tchuthi chikubwerachi tikayang'ane ngati pakati pa mabedi ndi madzi patsala mzere wa bango kapena udzu. Ngati palibe, tikambirane ndi makolo mwaulemu za kuusiya. Bulugama adzalidwe kumtunda, kutali ndi kasupe. Mabotolo a mankhwala opopera mbewu asatsukidwire m'madzi. Neti ikhale pabedi. Zimenezi sizifuna thandizo la kunja kapena msonkhano wa kuhotela.

Sitikudzinamiza kuti makope a ophunzira adzaimitsa malole a mchenga kapena kuchulukitsa malo olima ku Mulanje. Mavuto amenewo ndi aakulu ndipo akufuna malamulo ogwira ntchito ndi atsogoleri olimba mtima. Koma atsogoleriwo adzachokera pakati pa ife tomwe. Wina mwa ife adzakhala mkulu wa zaumoyo m'boma, wina mphunzitsi wamkulu, wina khansala, wina mkulu wa mpingo. Tsiku limene pepala lopempha kuphwetsa dambo lidzafike patebulo pake, zidzasiyana kwambiri ngati munthuyo anakhalapo chete theka la ola m'mbali mwa bango, kapena ngati dambo amangolidziwa ngati chithaphwi choonekera pawindo la galimoto.

Tisananyamuke tsiku lija, mnzathu uja anadandaula za ndalama zake anasowa. Tinamupeza atagwada pafupi ndi dimba la agogo, akuyang'anitsitsa nkhono ya kumtunda imene inali patsamba la mpiru. Anatikweza dzanja kuti tisasokose. Patapita kanthawi nkhonoyo inatulutsa tinyanga take pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa tiwiri tataliko kunali timadontho takuda. Mwambi uja tonse tinaudziwa kuyambira ku pulayimale, koma maso a nkhono ambirife tinawaona tsiku limenelo.

Agogo anatiperekeza mpaka pa minibasi ndi mtolo wa mpiru, n'kutifunsa ngati tidzabwerenso kapena ngati tili ngati alendo ena amene amajambula n'kupita. Tinawalonjeza kuti tidzabwera mu Novembala, mvula yoyamba ikagwa, achule akayamba kulira. Lonjezo limenelo tinalipereka m'dzina la sukulu yonse tisanapemphe chilolezo kwa wina aliyense, ndipo n'chifukwa chake talemba nkhaniyi. Tithandizeni kuti tisakhale abodza.